Mgolo wa konkire sungagwire boti pa Chivero

Achimwene ena a ku Mufakose mu Harare, omwe amayang'anira boti la abwana awo pa Lake Chivero, nyanja ya pafupi ndi mzindawu, andilembera kalata. Boti la mamita 6 linapita ndi mphepo usiku, likukoka theka la mgolo wa konkire lomwe analimangirirapo ndi chingwe cha buluu. Akufunsa ngati athire mgolo wathunthu.

Ayi achimwene, musataye simenti. Funso lanu landikhudza chifukwa zikatere amene amakalipiridwa, mwinanso kuchotsedwa ntchito, ndi woyang'anira, pomwe amene anakana kugula tcheni ndi mwini boti. Boti la ndalama zambirimbiri kulimangirira ndi chingwe choyanikira zovala ndi kulakwa kwa mwini wake, ndipo muwauze abwana anuwo mwaulemu koma mosabisa.

Konkire imapepuka ikalowa m'madzi. Mgolo wa malita 200 wodzaza konkire umalemera makilogalamu pafupifupi 480 pamtunda, koma madzi amaunyamula ndi mphamvu ya makilogalamu 200, ndiye pansi umatsala ndi 280 basi. Theka lanu lija linali ndi 140 okha. Kuwonjezera apo mgolo ndi wobulungira, ukakokedwa chammbali umagwa n'kumagubuduka pamatope. Chitsulo chimataya pang'ono, makilogalamu 13 pa 100 alionse, n'chifukwa chake ena amaponya injini zakale za galimoto. Zimenezo ndimadana nazo. Injini imatulutsa oilo, ndipo madzi a Chivero ndi omwe timamwa mu Harare muno.

Nyanjayi ili ndi khalidwe lake. Ndi damu lomwe linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndiye madzi ake amakwera ndi kutsika. Mu Okutobala ndi Novembala amakhala ataphwera, mvula ikagwa bwino amadzaza pofika Malichi kapena Epulo. Munthu akayeza chingwe nthawi ya chilimwe, madzi akakwera chingwecho chimaima chilili, funde lililonse boti limanyamula mwala wake wa konkire pang'ono, mpaka umayamba kuyenda. Maboti ambiri amasochera motero, popanda chilichonse choduka.

Ndiye pali namasupuni. Zonyansa za m'masuweji zolowa m'nyanjamo zimamudyetsa, amachulukana n'kumayenda ndi mphepo ngati chilumba. Akakolekera pa chingwe cha boti, mphepo imakankha boti pamodzi ndi mulu wonsewo. Amene amawerengera kulemera kwa boti lokha amaiwala katundu ameneyu. Kumbukiraninso kuti mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake pa boti imawirikiza kanayi. Mphepo ya mu Ogasiti ndi ya tsiku lonse, imapekesa chingwe pang'onopang'ono, pomwe mkuntho wa mvula ya mabingu umabwera mwadzidzidzi n'kukoka kamodzi mwamphamvu. Chomangira chanu chiyenera kupirira zonse ziwiri. Mukaona namasupuni waunjikana kutsogolo kwa boti, mum'kankhe ndi mtengo tsiku lomwelo.

Chingwe cha buluu chija ndi polypropylene. Chimayandama, sichitamuka ngati nayiloni, ndipo dzuwa limachifumbutsa mpaka ulusi wake umathothoka m'manja. Sichiyenera kugwira boti usiku ngakhale umodzi.

Mwala wake

Umbani chiphwatalala cha konkire: mita 1.2 mulitali, mita 1.2 mulifupi, masentimita 30 kuchindikala. Pamtunda chimalemera pafupifupi tani imodzi, m'madzi makilogalamu 600. Pafunika matumba atatu a simenti a makilogalamu 50, kusakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala. Musanathire, unjikani kamulu ka mchenga pakati pa chikombole kuti kunsi kwa mwalawo kukhale kolowa. Dzenje limenelo limamata pamatope, ndipo mwala ukakhazikika sulola kuzuka. Chokolekera chikhale chitsulo cha mamilimita 25 chopindidwa ngati U, miyendo yake yomangidwa ku zitsulo za mkati mwa konkire. Muzithirira madzi, mudikire masiku 28.

Umbirani pafupi ndi madzi. Osaukweza m'boti, ungaligubuduze. Mangani migolo inayi yopanda kanthu, yotseka bwino, mwalawo ulendewere kunsi kwake, mukoke mpaka pamalo pake. Potsitsa pasakhale mwendo kapena dzanja pafupi ndi tcheni.

Tcheni ndi chingwe

Yezani kuya kwa malowo ngati nyanja yadzaza, poona pomwe madzi amalekeza pagombe. Tinene kuti ndi mamita 4. Pa mwala mangani tcheni cholemera cha mamilimita 16, chotalika kamodzi ndi theka kuya kuja, ndiye mamita 6. Ichi chimagona pansi, ndipo boti likakoka limayamba lanyamula tchenichi mwala usanamve kanthu. Ntchito yaikulu ili pamenepa. Kenako swivel yoletsa tcheni kupotana boti likamazungulira, ndi tcheni cha mamilimita 10 chotalika mamita 4 chokwera mpaka pa buoy, choyandama cha pamwamba pa madzi. Kuchokera pamenepo chingwe cha nayiloni cha nkhosi zitatu, mamilimita 16, mamita ngati 3, chifukwa nayiloni imatamuka n'kumeza kugwedeza kwa funde. Pomwe chimakhudza mlomo wa boti chivekeni payipi yothirira m'dimba. Ikani chingwe chachiwiri chotalikirapo pang'ono, chodikira ngati choyamba chaduka.

Shackle iliyonse, kachitsulo kopindika kokhala ndi pini kolumikizira tcheni, ikhale yokulirapo kuposa tcheni chake, ndipo pini yake muimange ndi waya. Pini yosamanga imamasuka yokha ndi kugwedezeka, ndipo kachitsulo kotchipa kameneka kamataya boti lonse. Musasakanize chitsulo cha stainless (chosachita dzimbiri) ndi cha galvanised (chokutidwa ndi zinki), chifukwa zikakhudzana m'madzi chagalvanised chimadyeka msanga.

Madzi akatsika kufika mamita 2, tcheni chimatambasuka pafupifupi mamita 10. Onjezani chingwe ndi boti lenilenilo, mupeza kuti boti lizungulira mamita 19 mbali zonse. Pasakhale mwala, gombe kapena boti lina m'bwalo limenelo. Malowo muyambe mwagwirizana ndi a kalabu yanu ya maboti komanso a Zimparks, bungwe la boma loyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire, musanaponye chilichonse.

Chingwe ndi payipi muziziona sabata iliyonse. Tcheni muzichikweza kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha, n'kuyeza pomwe mphete zimakhudzana, makamaka pafupi ndi swivel ndi pomwe chimakhula pansi. Cha mamilimita 10 chikafika pa 8 chisintheni, poti pa 7 chimakhala chitataya theka la chitsulo chake. Kuti muone chokolekera cha pa mwala, unyamuleni ndi migolo ija madzi ataphwera. Musalowe pansi pa madzi, mu Chivero muli ng'ona ndipo madziwo ndi akuda, simungaone ngakhale dzanja lanu. Lembani m'kope tsiku ndi muyeso womwe mwapeza, abwana asainire, kuti tsiku lopempha ndalama ya tcheni chatsopano mukhale ndi chowaonetsa.