Kodi mwala wa mizerewu unasungunuka?

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera imelo. Pokumba maziko a nyumba apeza mwala wa mizere yoyera ndi yakuda yokhotakhota, ndiye akufunsa ngati unayamba wasungunuka kenako n'kuuma.

Ayi mayi, sunasungunuke. Malinga ndi mmene mwaufotokozera, umenewo ndi gneiss, mmodzi mwa miyala ya metamorphic, imene imasintha ikadali yolimba. Zili ngati njerwa mu uvuni: dothi limapsa n'kusanduka chinthu china koma osayenderera.

Mukamalowa pansi, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Pakafika madigiri 200, timibulu ta m'mwala timayamba kusintha. Mwala wochokera ku matope, wotchedwa shale, umayamba wasanduka slate, yosendeka mapalemapale. Ukazama umakhala schist, wonyezimira chifukwa cha timibulu tafulati totchedwa mica. Kupyola madigiri 600 ndiye pamabadwa gneiss wanuyo: timibulu totchedwa quartz ndi feldspar timasonkhana m'mizere yoyera, totchedwa biotite ndi hornblende m'mizere yakuda. Kutentha kukapitirira apo, makamaka m'mwala muli madzi, mbali zoyerazo zimayamba kusungunuka.

Koma kutentha pakokha sikupanga mizere. Pamafunika kupanikizika kochokera mbali imodzi, monga pamene zigawo za nthaka zikuwombana n'kutukula mapiri. Timibulu tafulati timagona mopingasa mphamvuyo, ndipo kukankhako kukapitirira mizere imapindika. Kuno kwathu izi zinachitika kwambiri zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, pamene zigawo za nthaka zinkalumikizana n'kupanga chimtunda chachikulu chakale chotchedwa Gondwana. Mapiri a nthawiyo anakokoloka kalekale, n'chifukwa chake mwala umene unali makilomita ambiri pansi lero mukuugunda ndi piki.

Si miyala yonse ya metamorphic imene imakhala ndi mizere. Mwala wa laimu umasanduka marble, ngati wa ku Changalume ku Zomba umene ankapangira simenti, pomwe wa mchenga umasanduka quartzite. Iwiriyi anthu amaisokoneza chifukwa yonse imayera. Kandani ndi mpeni: marble amakandika, ndipo ufa wake umachita thovu mukadonthezera viniga. Quartzite sakandika, iyeyo ndiye amakanda botolo.

Za maziko anuwo, gneiss wosafumbutuka ndi wabwino ndithu. Auzeni amisiri aziugoneka mizere ili chogona, chifukwa ukaimirira umang'aluka motsata mizereyo. Wofiirira umene ukunyenyeka m'manja autaye, feldspar wake wayamba kale kusanduka dongo.