Kwa mayi amene mwana wawo akupita ku Belfast

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamkazi wapeza ntchito ya unamwino ku Belfast, inu ndinu banja la Chikatolika, ndipo wina wakuuzani kuti kumeneko Akatolika ndi Apulotesitanti amaphana, ndiye mukufunsa ngati n'kwanzeru kumulola. Ine ndakhala mumzinda umenewu zaka zingapo ndikusamalira okalamba. Mundikhululukire, nditalikitsa, chifukwa nkhaniyi ikafupikitsidwa m'pamene imapotoka.

Mtima ukhale m'malo. Nkhondo imene anthu amanenayo inatha mu 1998, ndipo mwana wanu azipita ku Misa Lamulungu lililonse popanda womutsekereza. Komabe amene anakuuzaniyo sananame kotheratu. Kuyambira 1969 mpaka 1998 kunafa anthu oposa 3,500, m'dera limene ngakhale lero anthu ake sakwana 2 miliyoni. Pamene anaphonya ndi poganiza kuti ankaphana chifukwa cha Papa, Maria kapena Mgonero. Chikhalireni kuno sindinamvepo anthu akukangana za ubatizo. Chimene amalimbirana ndi ichi: kodi kumpoto kwa chilumba cha Ireland, kumene kuli Belfast, kukhalebe mbali ya United Kingdom, kapena kuphatikizane ndi dziko la Ireland limene likulu lake ndi Dublin? Ofuna kukhalabe ndi Britain amatchedwa ma unionist, ndipo ambiri ndi Apulotesitanti. Ofuna kuti chilumba chonse chikhale dziko limodzi ndiwo ma nationalist, ambiri Akatolika. Mpingo kuno uli ngati mfunda, umangosonyeza kumene makolo a munthu anachokera. Munthu woti sanaponde m'tchalitchi zaka 30, wosapemphera n'komwe, anzake amamuwerengerabe mbali imene anabadwira.

Gwero lake ndi nthaka. Mu 1609, mfumu James I inayamba kugawa minda imene inalandidwa kwa mafumu a ku Ulster, chigawo cha kumpoto, kwa anthu obwera kuchokera ku Scotland ndi England. Obwerawo anali Apulotesitanti, eni nthaka anali Akatolika, ndiye kuyambira pomwepo chipembedzo ndi umwini wa malo zinamangidwa mtolo umodzi. Mu 1690 William wa ku Orange, Mpulotesitanti, anagonjetsa mfumu James II, Mkatolika, pa mtsinje wa Boyne. Zaka zoposa 300 zapita koma mwana wanu adzaziona yekha mwezi wa July. Usiku wa pa 11 amayatsa milu ya mapaleti yotalika ngati nyumba zosanja, ndipo pa 12 a gulu la Apulotesitanti la Orange Order amaguba m'misewu ndi ng'oma ndi zitoliro. Kwa iwo ndi mwambo wa makolo, tsiku lotuluka ndi ana. Kwa Mkatolika amene ng'omazo zikudutsa pafupi ndi khomo lake, zimamveka ngati akumukumbutsa kuti agogo ake anagonja.

Pano ndiime kaye, chifukwa ife obwera timafulumira kusankha mbali. Tikamva za kulandidwa kwa minda ndi ulamuliro wa Britain, mtima umathamangira kwa ma nationalist, ndipo inenso poyamba ndinali choncho. Koma zidzukulu za obwera aja zakhala kuno zaka 400. Alibe kwawo kwina koti n'kubwerera. Mu 1912 anthu pafupifupi theka la miliyoni anasaina pangano lokana kulamulidwa kuchokera ku Dublin, poopa kuti boma la kumeneko lizidzamvera mabishopu. Manthawo sanali opanda maziko: dziko la Ireland litaima palokha, Mpingo wa Katolika unakhala ndi mphamvu yaikulu m'masukulu, m'zipatala ndi m'malamulo, moti kuthetsa ukwati kunali koletsedwa mpaka anthu anavota kuti zisinthe mu 1995.

Mu 1921 chilumbacho chinadulidwa pawiri. Maboma 26 anatsata njira ya ufulu, maboma 6 a kumpoto anatsalira mu United Kingdom ndi dzina loti Northern Ireland, ndipo malire anajambulidwa dala moti Apulotesitanti akhale ochuluka. Kwa zaka 50 chipani chimodzi, Ulster Unionist Party, n'chimene chinkalamulira ku Nyumba ya Malamulo ya Stormont. Apa ndiye Akatolika anamva kuwawa. Pa chisankho cha makhonsolo, ovota anali eni nyumba kapena olipira lendi ndi akazi kapena amuna awo okha, ndiye kupatsa Mkatolika nyumba ya khonsolo kunali kumupatsanso voti, ndipo m'madera ena ankamumana dala. Mumzinda wa Derry Akatolika anali ochuluka, koma malire a mawodi anakonzedwa mwakuti khonsolo inkakhalabe m'manja mwa ma unionist. Ntchito zabwino, monga za kumalo okhomera sitima ku Belfast kumene anapangira Titanic, zinkapita kwambiri kwa Apulotesitanti.

Zionetsero zofuna ufulu wofanana zinayamba mwamtendere mu 1968, apolisi anazikwapula, zipolowe zinabuka, ndipo mu August 1969 Britain inatumiza asilikali. Pa 30 January 1972 asilikaliwo anawombera anthu ochita zionetsero ku Derry, 13 anafera pomwepo, wina anamwalira pambuyo pake. Panatenga mpaka 2010 kuti nduna yaikulu David Cameron apepese m'Nyumba ya Malamulo kuti anthuwo anaphedwa popanda chifukwa. Tsiku la mu 1972 lija linakankhira anyamata ambiri ku IRA, gulu la mfuti lofuna kuchotsa ulamuliro wa Britain. Koma wina asakuuzeni kuti mbali imodzi inali yoyera. IRA ndiyo inapha anthu ambiri kuposa gulu lina lililonse. Mu 1987 bomba lawo linapha anthu 11 ku Enniskillen pa mwambo wokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo. Magulu a mfuti a mbali ya ma unionist, UVF ndi UDA, ankapha Akatolika wamba pongoti ndi Akatolika, ndipo mabomba a ku Dublin ndi Monaghan mu 1974 anapha anthu 33. Oposa theka la onse amene anafa anali anthu wamba, osagwira mfuti.

Zimenezi sindinaziphunzire m'mabuku mokha. Kumene ndimagwira ntchito, m'chipinda china mumapeza chithunzi cha malemu Mfumukazi Elizabeth, chipinda chotsatira muli chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu. Gogo wina anataya mchimwene wake amene anali wapolisi, wina anataya mwana amene anawomberedwa akuchokera kuntchito. Onse awiri ndimawasambitsa, onse awiri amalira chimodzimodzi usiku. Kuchokera pamene ndinamva nkhani zawo ndinasiya kulankhula za nkhondoyi ngati mpira woti ndisankhe timu.

Pangano la Lachisanu Loyera, la pa 10 April 1998, silinathetse mkanganowo. Linangogwirizanitsa anthu kuti azikangana ndi voti osati mfuti, ndipo ine ndimaona kuti nzeru yake ili pomwepo. Pa riferendamu, 71 pa 100 alionse kumpoto anavomereza, kummwera 94. Linati Northern Ireland ikhalabe mu United Kingdom mpaka anthu ambiri a kuno atafuna zosintha. Linati wobadwira kuno ali ndi ufulu wokhala Mu Irish, Mu British, kapena zonse ziwiri, n'chifukwa chake m'nyumba imodzi mutha kupeza mapasipoti amitundu iwiri. Linatinso mbali ziwirizi zizilamulira limodzi: nduna yoyamba ndi wachiwiri wake ali ndi mphamvu zofanana, mmodzi akatula pansi udindo boma limaima. John Hume, mtsogoleri wa ma nationalist, ndi David Trimble wa ma unionist analandira mphoto ya Nobel chaka chomwecho, ndipo mu 2007 Ian Paisley, m'busa amene moyo wake wonse ankakana kugawana ulamuliro ndi Sinn Féin, chipani cha ma nationalist chogwirizana ndi IRA, anakhala m'boma limodzi ndi Martin McGuinness amene kale anali mkulu wa IRA.

Brexit inautsa mafunso amene anali atagona. Mu 2016 anthu 56 pa 100 alionse kuno anavota kuti akhalebe mu European Union, koma anatuluka limodzi ndi Britain yense. Pofuna kupewa kubwezeretsa zipata pa malire ndi dziko la Ireland, anagwirizana zoti katundu wochokera ku Britain aziunikidwa pofika ku madoko a kuno. Ma unionist anaona ngati awadula ku dziko lawo lomwe, ndipo chipani chawo cha DUP chinanyanyala boma kuyambira 2022 mpaka February 2024. Boma litabwerera, Michelle O'Neill wa Sinn Féin anakhala nduna yoyamba, koyamba kuti mpando umenewu ukhale wa nationalist. Kalembera wa 2021 anasonyezanso koyamba kuti obadwira m'mabanja a Chikatolika, 45.7 pa 100, aposa a Chipulotesitanti, 43.5.

Ena akaona manambala amenewa amati basi, Ireland agwirizana posachedwa. Ine sindikuona choncho. Si Mkatolika aliyense amene angavotere zimenezo. Ambiri amayamba aganizira za chipatala chaulere cha NHS, penshoni ndi ntchito zawo. Pali achinyamata ochuluka amene atopa ndi mayina awiriwa, ndipo chipani cha Alliance, chosatsamira mbali, chinakhala chachitatu pa chisankho cha 2022. Lamulo limati nduna ya Britain yoyang'anira Northern Ireland iyenera kuitanitsa voti ikaona kuti ambiri angasankhe kuphatikizana, ndipo sanaitanitsebe. Voti imeneyo ikadzabwera, chimene chimandidetsa nkhawa si amene adzapambane, koma anthu masauzande mazanamazana amene adzadzuke m'dziko limene sanalifune.

Tsopano za mwana wanu. Mu Belfast mukadali makoma ataliatali olekanitsa madera, monga pakati pa Falls Road ndi Shankill Road, ndipo zipata zina amatseka usiku. Mbendera ndi utoto wa m'mphepete mwa msewu zimauza munthu kumene ali: wofiira, woyera ndi wabuluu ndi kwa ma unionist, wobiriwira, woyera ndi wa olenji ndi kwa ma nationalist. Asavale jezi ya Celtic kapena Rangers, matimu a mpira a ku Scotland amene kuno amasonyeza mbali ya munthu. Asafunse odwala kapena anzake a ntchito kuti amapemphera kuti. Mzinda uja ena amati Derry, ena Londonderry, iye azingotsata mmene wolankhula naye akunenera. Akadzatchula Malawi adzadabwa kuti okalamba a mbali zonse amaidziwa, chifukwa mpingo wa Presbyterian wa ku Ireland wakhala pa ubale ndi CCAP kwa zaka zambiri, ndipo ansembe a Chikatolika a ku Kiltegan, ku Ireland, atumikira kwathu.

Chimene sindingakubisireni n'chakuti choopsa kwa iye si korona yake koma khungu lake. Mu August 2024 mashopu a anthu obwera anaotchedwa kummwera kwa Belfast, ndipo mu June 2025 ku Ballymena anthu anaukira nyumba za obwera. Anthu ambiri a kuno anadzudzula zimenezo ndipo ine andilandira bwino, koma nyumba ndiye asasankhe mothamanga potengera kutchipa kwa lendi. Asanasaine, afunse anamwino anzake obwera amene akhalitsa, ndipo akayendere msewuwo masana komanso madzulo. Mumuuze andilembere ku inbox akadziwa tsiku lofika, ndidzamuperekeza kukaona nyumbazo.