Yankho: Scarface yoyenera kuyamba nayo

Achimwene, mwafunsa kuti pa mafilimu awiri otchedwa Scarface muyambe ndi iti. Yambani ndi ya 1932, ya 1983 ibwere pambuyo. Amene anakuuzani kuti anthu anainyoza Scarface amanena ya 1983, imene anasewera Al Pacino. Itatuluka, olemba ndemanga ambiri anaidzudzula chifukwa cha nkhanza ndi kutukwana, ngakhale Roger Ebert, wolemba ndemanga za mafilimu wotchuka wa ku America, anaiyamikira kwambiri. Kutchuka kwake kunadza pang'onopang'ono, kudzera m'matepi a vidiyo ndi oimba rap.

Ya 1932, yopangidwa ndi Howard Hawks, inalimbana ndi oyang'anira mafilimu a ku America asanailole, poti ankati ikukometsa zigawenga za ku Chicago zogulitsa mowa mozemba. Lero akatswiri amaiona ngati imodzi mwa mizu ya mafilimu a zigawenga.

Ine ya Pacino ndinaionera koyamba m'kachipinda ka vidiyo, titathithikana pabenchi, anyamata akukuwa Tony Montana, chigawenga chimene Pacino amasewera, akagwira mfuti. Nditapeza ya 1932 yopanda mitundu ija, imene anasewera Paul Muni, ndinazizwa kuona kuti ngakhale nsanje ya Tony pa mlongo wake inachokera kumeneko.

Ana musawaonetse. Mukafuna kuionetsa pagulu molipiritsa, funsani kaye a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso ku Malawi, za chilolezo.