Kodi bwana wa zomangamanga amagwira chani kwenikweni?

Ankolo, ndine foromani pa bungwe lina lalikulu muno mu Blantyre, zaka 8 tsopano. Bwana wathu wa estates timangomuona pa galimoto ndi mafayilo, simenti saigwira, ndiye ntchito yake nchani? Nanga ine ndingafike pamenepo?
Foromani, Chilomoni

Achimwene, mwandiseketsa, komatu munthu uja tulo sagona. Denga likadontha mu ofesi ya akuluakulu foni imalira kwa iye, madzi a Blantyre Water Board akasiya matanki ali gwa ndi iye, ESCOM ikathimitsa jenereta ilibe dizilo ndi iyenso. Muja Freddy anagumula mipanda ndi ngalande mu March 2023 anthu amenewa ndi omwe ankathamanga kuwerengera zoonongeka.

Koma pomwe pamavuta ndi pa ndalama. Kontilakita asanapatsidwe ntchito amaona kaye ngati analembetsa ku CIRA, kale NCIC, bungwe loyang'anira makontilakita, ndipo ngati bungwelo ndi la boma tenda iyende mmalamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, akasainira setifiketi yolipira khoma lomwe mawa lichita ming'alu ma odita safunsa inu ayi, amafunsa iye. Nchifukwa chake amatsalako ndi kandalama kena ka kontilakita, ka retention, mpaka nthawi yokonza zolakwika itatha.

Zofikako ndi zotheka koma luso la manja lokha silikwana. Pitani ku MUBAS paja pa Chichiri, kale Poly, mukachite digiri ya civil engineering kapena quantity surveying. Pakadali pano mpempheni bwanayo muzikhala nawo pa site meeting, muphunzire kuwerenga BOQ, chikalata chosonyeza kuchuluka kwa ntchito, zipangizo ndi mitengo yake.