Duwa la ku Nyika lakana Lilongwe

FUNSO: Chaka chatha alamu anga anandibweretsera timizu ta chinaka kuchokera cha ku Rumphi. M'malo mophika, ndinabzala pakhomo. Kamodzi kokha ndiko kanachita duwa, koma njere ayi, kenako kanauma. Kodi ndinalakwitsa feteleza? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, feteleza musamunamizire. Lilongwe wathuyu ali pa mamita pafupifupi 1,050, pomwe mbali yaikulu ya Nyika imapitirira 2,000. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye inu munatenga mwana wa m'nkhungu n'kumukhazika padzuwa la Okutobala, lomwe ngakhale ife eni mudzi timalithawira pansi pa mango.

Za njerezo ndiye ndikhalitsepo. Chinaka chili m'banja la maluwa otchedwa orchid, ndipo ku Nyika kuli mitundu yake yoposa 200. Mungu wake suuluka ndi mphepo ngati wa ngaiyaye za chimanga. Umakhala timibulu tomata, todikira mlendo woti timukakamire pamutu kapena pamlomo, akatitule pa duwa lina. Mlendoyo si aliyense. Kumapiri okwera kukacha ndi chisanu njuchi zimachedwa kutuluka, choncho ntchito yambiri imagwera ntchentche, timbalame ta choso ndi agulugufe a usiku. Maluwa oyera okhala ndi kampope katali amanunkhira kukada, kuitana gulugufe wa lilime lalitali lofika pansi pomwe pali timadzi totsekemera. Ine ndinakhalapo m'mawa wonse pa udzu ku Chelinda, m'paki ya Nyika, mwezi wa Febuluwale, zala zitachita dzanzi, kungoonerera choso akupisa mlomo duwa ndi duwa. Tiyi anandizizirira m'kapu.

Duwa lanu linali lokhalokha, ndipo ku Area 25 linkaitana alendo amene mwina kuno kulibe. Zikanatheka n'kubereka, njere zake n'zazing'ono ngati fumbi ndipo sizimera popanda nkhungu ina ya m'dothi, ya mtundu wa bowa, yozidyetsa.

Mukafuna kuwaona ali pachimake, pitani pakati pa Januwale ndi Malichi, mutenge juzi. Alamu anuwo muwafunse bwino komwe anakumba, chifukwa kukumba m'paki ya Nyika ndi mlandu, ndipo ukazula muzu wapha chomera chonse.