Zithunzi za mabwinja pabalaza: musankhe ziti?

Mayi wina wandilembera imelo kuti akufuna kupachika zithunzi zakale za mabwinja pabalaza, koma amuna awo akuti nyumba izioneka ngati kumanda. Wogulitsa wina wawaonetsanso chithunzi chomwe akuti ndi chenicheni cha Piranesi, wojambula wakale wa ku Italy. Agule kodi?

Mayi, bambowo ali ndi mfundo, koma zimatengera wojambula. Cha m'ma 1810, Caspar David Friedrich wa ku Germany anajambula tchalitchi chogumuka, amonke atanyamula bokosi la maliro pakati pa mitengo yopanda masamba. N'chokongola zedi, koma ine sindingachiike pamalo podyera. Muyang'ane za Hubert Robert wa ku France, amene anakhala ku Rome kuyambira 1754 mpaka 1765. M'mabwinja ake muli moyo: amayi akuchapa, zovala zayanikidwa pakati pa zipilala zothyoka, galu akungoyendayenda. Zoterezo bambo sangadandaule nazo.

Tsono za Piranesi, apa m'pofunika kufatsa. Iye ankazokota zithunzi zake pa mkuwa n'kumadinda papepala. Anamwalira mu 1778, koma mikuwayo inatsala. Mwana wake Francesco anapita nayo ku Paris, kenako mu 1839 inabwerera ku Rome, ndipo anthu anapitiriza kudindira zaka zambirimbiri. Ndiye wogulitsa akati "chenicheni", mumufunse kuti chinadindidwa liti, chifukwa mtengo wake wagona pamenepo. Mupemphe kuti achitulutse m'felemu. Muone ngati m'mphepete muli mzere wolowa mkati, pamene mkuwa unapanikiza pepala. Mukaunika ndi galasi lokulitsa n'kuona timadontho tandondomeko m'malo mwa mizere, dziwani kuti n'chosindikiza cha makono. Akakana kutsegula felemu, musapereke ndalama.

Kunena zoona, chosindikiza chabwino si chamanyazi ayi. Metropolitan Museum of Art ya ku New York imalola anthu kutenga zithunzi zakale ngati zimenezi pa intaneti kwaulere, inu n'kungolipira wosindikiza ndi wokonza felemu.

Za Piranesi zili ndi timizere ting'onoting'ono tofuna kuonera pafupi, choncho musachikweze kufupi ndi denga. Chikhale molingana ndi maso. Mupewe khoma lowombedwa dzuwa, lachinyontho kapena loyandikana ndi khitchini, poti pepala lakale limachita mawanga ofiirira msanga. Wokonza felemu mumuuzenso kuti galasi lisakhudze pepala.