Mlamu, musathamangire kusitolo

Ndikutchulani mlamu ngakhale sitinaonanepo, chifukwa mwamuna amene wafika zaka 40 padi yosewerera magemu a pa TV ikadali m'manja ndi m'bale wanga basi. Mwafunsa kuti muwakonzere chiyani abambo akunyumbawo pa tsiku lawo lobadwa mwezi wamawa, poti amakonda magemu kuyambira ali mwana, komanso ngati apongozi anu akunena zoona kuti bambo wa ana atatu sayenera kumakhalira zachibwanazi. Ndaona ambiri akuyankha kuti agulireni PS5, makina a magemu a PlayStation 5. Ine ndikuti ndalamayo ibakhalani nayo kaye, mumve izi.

Ndinabadwa mu 1983, chaka chomwe kampani ya Nintendo inatulutsa makina a magemu otchedwa Famicom ku Japan. Zimenezo ndinadzazidziwa nditamera kale ndevu. Gemu yoyamba ndinaiona cha m'ma 1995 ku Chinamwali, ku Zomba, kunyumba kwa mnzanga amene amalume ake anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Sinali Nintendo yeniyeni, inali yokopera, ya makatiriji achikasu aja olembedwa kuti muli magemu 9999, chonsecho ukayatsa n'kupeza ndi omwewo ochepa akungobwerezedwa. Kumbukirani kuti TVM inadzayamba mu 1999, ndiye TV ya m'nyumba imeneyo inali ndi ntchito ziwiri zokha, matepi a vidiyo ndi gemu. Tinkadzazana pasimenti ana asanu ndi atatu, mapadi awiri, lamulo limodzi: woluza apereke padi. Katiriji ikakana, aliyense ankasanduka makaniko, kuiuzira mpweya, kuipukuta ndi malaya, kuimenya pabondo.

Mario tinkachita kulandirana mwamtendere. Imene inkadanitsa anthu inali Contra, chifukwa mumamenya nkhondo awiri nthawi imodzi, ndipo miyoyo yako ikatha umatha kuba moyo wa mnzako pongodina mabatani mwakachetechete. Ndinachitapo zimenezi, mwini gemu uja n'kundiletsa kuponda pakhomo pawo sabata yathunthu. Kenaka mnyamata wina wa ku sekondale anatiululira chinsinsi: m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, miyoyo n'kukhala 30. Nambala ya foni ya mayi akunyumba mpaka lero ndimachita kuyang'ana, koma izi zinakhazikika. Awerengereni amuna anuwo madzulo ano pa nthawi ya nsima, muone ngati sasiya mbamu m'mbale.

Titakula pang'ono kunabwera PlayStation, kenaka PS2 ya mu 2000 ija, imene inagulidwa zoposa 150 miliyoni padziko lonse. Ife zogula kunalibe. Tinkalipira m'tizipinda ta pamsika momwe wina waikamo ma TV awiri ndi mabenchi, kusewera gemu ya mpira ya Winning Eleven mpaka ndalama ya sopo kuthera pomwepo. Pa Tekken, gemu ya ndewu, aliyense wosadziwa ankathamangira kusankha womenya wotchedwa Eddy Gordo n'kumangodinadina mabatani a mateche, n'kukugwetsa iwe katswiri, chipinda chonse chikufa ndi phwete.

Pa zonse ndakambazi palibe pamene ndinali ndekha, ndipo nkhani yagona pamenepo. Mwanena nokha kuti amuna anu ali ndi PS4 ndipo amasewera usiku ana atagona. Ndikuwaona m'maganizo: voliyumu yotsitsa, nyali yozimitsa, mwina akulimbana ndi munthu wa pa intaneti amene sadzamuona n'komwe. Makina ali nawo kale. Chimene akusowa ndi munthu wokhala nawo pampando womwewo, wowanyoza akaphonya penate.

Ngati mtima wanu uli pogula ndithu, yambani ndi mapadi. PS4 imalola mapadi anayi, ndiye mpira umatheka awiri mbali ino awiri mbali inayo, ndipo phokoso lake ndi lina. Padi yogwiritsidwapo kale muziiyesa pomwepo musanalipire: muisiye pa tebulo osaikhudza, mukaona munthu wa m'gemu akuyenda yekha, timitengo take tatha, isiyeni. Mukapita kukafuna FIFA yatsopano musadabwe akakupatsani yolembedwa EA Sports FC, dzina lija linathera pa FIFA 23. Winning Eleven wathu uja, amene ena ankamudziwa kuti PES, anasanduka eFootball mu 2021 ndipo ndi waulere, bola intaneti. PS5 mukaifunadi, onetsetsani kuti ndi yolowa ma disiki, chifukwa ilipo ina yopanda polowetsa, gemu iliyonse mpaka kuchita kutsitsa pa intaneti, ndipo magemu a masiku ano ndi a ma GB makumimakumi. Ndi mitengo ya bandulo yathuyi, mphatsoyo ikhoza kusanduka ngongole. Ma disiki a PS4 amene ali nawowo ambiri amasewereka pa PS5 ya disiki. Makadi ogulira magemu pa PlayStation Store nawo amayendera dziko limene akaunti inalembetsedwa, khadi la ku America siligwira pa akaunti ya ku South Africa, choncho fufuzani kaye mwanzeru musanatume wachibale wa kunja.

Za apongozi, ndiyankha mosabisa. Madoda amakhala pabawo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nkhuku kulowa, palibe amawatcha ana. Ana amene anagwira padi Super Mario Bros. itangotuluka mu 1985, lero ena ali ndi zidzukulu, ndipo Shigeru Miyamoto amene anamupanga Marioyo anabadwa mu 1952. Ana aja anangokula, masewera awo n'kukula nawo limodzi. Pamene ndingagwirizane ndi apongozi ndi pa ndalama ndi nthawi. Magemu ena a mpira ali ndi timapaketi togula ndi ndalama zenizeni, osadziwa kuti mkati mupezamo osewera uti, ndipo kameneko n'kachibale ka kubetcha. Ngati fizi ya ana ikuchedwa chifukwa cha zimenezo, kapena mwana akudwala bambo ali "dikira ndimalize hafu", imeneyo ndi nkhani yokhalirana pansi, keke singaikonze. Koma simunadandaule zoterozo, mwangoti amagona mochedwa Lachisanu.

Ine nditakwanitsa 40 mu 2023, mayi akunyumba sanandigulire makina atsopano. Anatenga foni yanga ndili kubafa n'kukopera manambala a anzanga atatu a ku Chinamwali. Wina amakhala ku Mzuzu, wina ku Lilongwe, wachitatu, mwini gemu uja, konkuno ku Blantyre, koma tinali titatha zaka tikungotumizirana moni pa WhatsApp. Anapezanso kagemu kokopera ka makatiriji achikasu kwa munthu wina wogulitsa zamagetsi zakale ku Limbe, ndi mfuti yake yomwe. Loweruka limenelo ndikuchokera kometetsa ndinangopeza nsapato zachilendo pakhonde, kuseri kukufuka utsi wa kanyenya.

Zinayamba ndi manyazi pang'ono. Titalumikiza pa TV yathu yopyapyala, mfuti ya Duck Hunt, gemu yowombera abakha, inakana, kuwomba konse abakha osagwa, kagalu ka m'gemumo kakungotiseka. Apa mumvetse, kuti nanunso zisakuchitikireni. Mfuti ija simatulutsa kanthu, imangoona kuwala. Ukakoka, chithunzi chonse chimada kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, pomwe pali bakha pamabwera kabokosi koyera, mfuti ikakaona ndiye kuti walasa. Ma TV amakono amachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, ndiye pamene kabokosiko kakufika mfuti imakhala itasiya kale kuyang'ana. Pamafunika TV yachikale, ya chimimba kumbuyo ija. Tinakabwereka kwa agogo ena oyandikana nafe, madoda anayi a mimba zathu tikukankha TV pawilibala, ana a m'dera akutilondola.

Titangofika pa Contra, mwini gemu uja anaumirira kuti asewere ndi ine. Miyoyo yake itatha sanalankhule kanthu. Ndinangoona wanga umodzi wasowa pakona, iye maso ali pa TV ngati sakudziwa. Akuti anadikira zaka 28. Cha m'ma 7 koloko magetsi anathima, tinakhala pakhonde mumdima ndi nyama yathu, kukumbutsana amene ankabisa padi m'kabudula ndi amene anamwalira. Atayaka tinapanga mpikisano wa mpira pa PS4, ana ndi akulu pamodzi, mayina papepala, woluza apereke padi monga kale. Ndinatulutsidwa ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11, zigoli zitatu kwa chimodzi, ndipo ndikupempha gulu lino kuti nkhani imeneyi ithere pompano.

Ndiye mlamu, fufuzani kuti ankasewera ndi ndani, gemu yake inali iti. Achimwene awo kapena mnzawo wa ku pulayimale akuuzani. Itanani anthu amenewo msanga poti ena ndi oyenda ulendo, konzani mapadi okwanira, muwatchajiretu, ndipo ngati muli ndi inveta kapena jenereta yobwereka ikhale pafupi. Keke ikhalepo ya ana, akuluakuluwo nyama ndi tchipisi zakwana.

Apongoziwo muwaitanenso. Mayi anga, amene ankandithamangitsa ndi chikoti ku Chinamwali ndikachedwa kogula mafuta anyale chifukwa cha gemu, analipo tsiku limenelo. Anakhala pampando chitenje chili bwinobwino, akupukusa mutu. Mdzukulu wawo atawagwiritsa mfuti ija, anaphonya kawiri, kagalu n'kuwaseka. Anaimirira, n'kusendera pafupi mpaka mfuti kugunda galasi la TV. Tinawauza kuti kumeneko n'kubera, iwo anati pamsinkhu wawo sangasekedwe ndi galu, ndipo mfutiyo sanaibweze mpaka nthawi yodula keke.